Nkhodolero ya Bambo Ng'andu

Mayi Salifyanji Mwango ndi kalaliki pa chipatala china chaching'ono ku Kabwata. Malo awo ndi pawindo lolandirira makadi a odwala. Ndalemba izi atandilola.

M'chaka cha 2014 chipatalacho chinasiya mabuku n'kuyamba kusunga mayina m'kompyuta. Gawo la pulogalamu ya kompyutayo lolandira mayina silinagulidwe ku kampani. Linalembedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko akutali, ndipo aliyense anali ndi ufulu wopempha kuti lisinthidwe. Koma gawolo linkakana nkhodolero, kachizindikiro kaja kokhala pakati pa g ndi a m'dzina la Ng'andu.

Bambo Jethro Ng'andu a ku Libala, amene anapuma ntchito yowotcherera zitsulo, ankabwera mwezi uliwonse kudzatenga mankhwala a shuga. Kalaliki wina analemba Ngandu, wina Ng andu, winanso Nandu, motero mbiri ya matenda awo inagawika patatu. Kawiri konse anabwerera kwawo chimanjamanja.

"Ba Salifyanji," anatero tsiku lina, "mashini yanu yanibala katatu, koma palibe olo umozi wamene apasiwa mankhwala. Manje nibwele liti?"

Mayi Mwango sanaseke. Analembera osamalira pulogalamuyo pa intaneti. Yankho linali laulemu: lamulo lawo linali lakuti pempho limakambidwa pokhapokha ogwiritsa ntchito a m'malo khumi osiyana atalivomereza.

Choncho Loweruka lililonse ankakwera minibasi kupita ku Chelstone, ku Makeni ndi ku Woodlands, kupempha akalaliki a m'zipatala ndi m'masukulu ogwiritsa ntchito pulogalamu yomweyo kuti nawonso alembe. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali ndi mawu pa chinthu chimene ankachitukwana tsiku ndi tsiku.

"Iwe Sali, kadontho chabe uzungulukila tauni yonse?" anaseka mnzawo wina ku Makeni.

"Kadontho ako kabweza mudala ku nyumba alibe mankhwala. Nkhala pansi, lemba," anayankha.

Patapita miyezi khumi ndi inayi pempholo linavomerezedwa, ndipo mayiwo anaitanidwa kulowa m'komiti ya ogwiritsa ntchito, imene imaona zosintha zonse zisanatulutsidwe.

Pulogalamu yokonzedwayo inafika ku Kabwata Lolemba. Lachitatu kunabwera Mayi Judith, mwana wa Bambo Ng'andu, kudzabweza khadi la bambo awo, amene anali ataikidwa m'manda mlungu wapitawo. Sindinganene kuti nkhodolero ndiyo inawapha, pakuti sindine dokotala.

Mayi Mwango anaphatikiza mbiri zitatu zija kukhala imodzi. Analemba dzinalo lonse bwinobwino, kompyuta inalilandira, ndipo anatembenuza galasi la kompyutayo kuti Mayi Judith aone. Kenako anatseka mbiriyo.

Mpaka lero Mayi Mwango akadali pawindo lomwelo. Komiti ikawatumizira chosintha chatsopano, sachivomereza asanalandire yankho la funso limodzi: "Kodi mwachiyesa ndi dzina la Ng'andu?"