Chianyezi cha Agogo a ku Arlington

Nyumba ya ku Arlington ija ndimaikumbukira ndi fungo lake: mafuta odzola a nkhalamba, khofi wotsalira m'kapu, ndi dothi lonyowa la m'miphika ya maluwa imene inandandalika pazenera lililonse. Amayi ankagwira ntchito mmenemo, kusamalira mayi wina wachizungu wokalamba dzina lake Doris, amene ife tinkangoti Agogo. Ndinali ndi zaka khumi, patangotha zaka ziwiri chichokereni ku Zomba kudzakhala kudziko la azunguli. Sukulu ikatsekedwa Amayi analibe kondisiya, choncho tinkakwera limodzi sitima kuchokera kwathu ku Landover, ine nditakolekera chikwama cha mabuku amene sindinkawatsegula n'komwe.

Pa maluwa onsewo, lapamtima pa Agogo linali lija amati amarilisi. Tsinde lake ndi lobulungira ngati anyezi wamkulu, ndiye Amayi ankangoti chianyezi. Duwa limeneli lili ndi mwambo wake. Nyengo yotentha ikatha umasiya kulithirira, masamba akafota umawadula, kenako mphikawo umauika pamalo ozizira ndi amdima miyezi iwiri osaupatsa ngakhale dontho. Ukautulutsa n'kuthirira pang'ono, pamene kunja mitengo yonse yayoyoka masamba, ilo limatulutsa maluwa ofiira psuu. Agogo anawaphunzitsa Amayi zimenezi chaka choyamba, asanadwale sitiroko imene inawalanda mawu n'kuwaumitsa dzanja limodzi. Chaka chachiwiri Amayi anachita okha, ndipo amene anatsika ndi mphikawo kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, ndinali ine, ndikudzimva kuti ndapatsidwa udindo waukulu.

Mu Novembala kunabwera Susan, mwana wa Agogo, amene ankaonekera kamodzi pamwezi, makiyi a galimoto osachoka m'manja. Anatsika kubesimenti kukafuna mbale za phwando, ndipo anabwerako atanyamula mphika uja chapatali ngati muli khoswe wakufa. Dothi linali gwaa, chianyezi chili ndi makoko ouma. Anauika patebulo n'kuwafunsa Amayi m'Chingerezi chozizira: "Ngati duwa lokhali mwaliumitsa chonchi, mayi anga mumawapatsa madzi akumwa?"

Funso limenelo limandiwirabe m'mutu. Amayi ndi amene ankawasambitsa Agogo, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwadyetsa ndi supuni mpaka phala litazizira. Anayamba kufotokoza kuti duwalo likupuma, koma Susan anali atakweza kale dzanja. Agogo pa njinga yawo ya olumala anayamba kubuula ndi kumenya bondo ndi dzanja lawo lamoyo lija. Ine ndinadziwa kuti akukana. Susan anati, "Mwaona, mwawaliza."

Apo mtima unandiphulika. Ndi Chingerezi changa cha kusukulu, chakuthwa kuposa cha Amayi, ndinakuwa kuti duwalo silinafe, ndipo akanamabwera pafupipafupi akanadziwa. Amayi ananditsina pamkono mpaka ndinaona nyenyezi.

"Iwe Tadala, tseka pakamwa! Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza."

Kenako anatembenukira kwa Susan n'kupepesa. Kupepesa! Pa zonse za tsikulo, chimene chinandiwawa kwambiri n'chimenecho. Susan anakataya mphikawo m'bini ya panja, ndipo madzulo omwewo a ku ejensi imene inkawapezera Amayi ntchito anaimba foni kuti asabwererenso kunyumba ija. Chifukwa chake analemba kuti kusasamala.

Koma mphikawo sunagone m'bini. Potuluka ndinanamizira kumanga chingwe cha nsapato, ndinautola n'kuuponya m'chikwama pamwamba pa mabuku. Amayi anautulukira tili m'sitima, dothi litayamba kuwaza pansi.

"Mwana iwe, ufuna atinenenso kuti ndife akuba?"

Sanandiuze kuti ndiutaye. Tinauika m'kabati ya nsapato kuti umalize masabata ake amdima, ndipo Disembala atalowa tinautulutsa n'kuuika pazenera la kukhitchini, pamwamba pa hita yotenthetsa nyumba. Masiku amenewo Amayi ankakhala pakhomo kudikira foni, ine ndikudziimba mlandu kuti pakamwa pangapa ndi pamene panamaliza ntchito yawo. M'mawa uliwonse ndinkapima dothi ndi chala. Kansonga kobiriwira katatuluka ndinathamanga nyumba yonse, ngakhale kuti nyumba yathu yonse inali zipinda ziwiri. Phesi linakwera tsiku ndi tsiku, ndikulitembenuza kuti lisapendekere kudzuwa, ndipo mu Januwale linamasula maluwa anayi, lililonse lalikulu kuposa chikhato changa.

Ndinaumirira kuti tikamuonetse Susan, ndipo ndinadabwa Amayi atavomera. Anakulunga mphikawo ndi chitenje, pamwamba n'kuphimba ndi jumbo kuti mphepo isaotche maluwa. Ulendo wonse ndinkakonza m'mutu mmene nkhope ya Susan igwere, ndi mawu amene ndimuuze akayamba kupepesa.

Titafika kwa Agogo, anatitsegulira Susan yekha. Amayi atavundukula, iye anagwira pachifuwa n'kumwetulira.

"Mwagula lina kuti mubweze lija? Mwachita bwino, ndayamikira kuti mwavomereza."

Mphika wa mayi ake omwe, wobiriwira, wokhala ndi mng'alu m'mbali, sanauzindikire! Ndinatsegula pakamwa, koma dzanja la Amayi linali kale paphewa panga. Anangopempha kuti aliike okha pamene Agogo angalione. Agogo analiyang'ana nthawi yaitali, anayendetsa chala pamng'alu paja, kenako anagwira dzanja la Amayi osafuna kulisiya, misozi ili chuchuchu. Mayi wina watsopano wovala yunifolomu anaima pakhomo la chipindacho, akudikira kuti tichoke.

M'sitima pobwerera ndinalira ndi mkwiyo. Ndinawafunsa Amayi chifukwa chimene sananenere zoona.

"Mwini wake wadziwa," anatero, akupinda chitenje chawo. "Enawo sindinawapitire."

Ntchitoyo sinabwerere. Ina inapezeka ku Manassas nyengo yozizira itatha, koma kwa zaka zingapo, kulikonse kumene ankafunsira ntchito, Amayi ankayamba ndi kufotokoza nkhani ya duwa kwa anthu amene sanadzalepo kanthu.

Masiku ano amarilisi amagulitsidwa m'sitolo iliyonse Khrisimasi ikayandikira, ena atawamata phula lofiira kuti asafune dothi kapena madzi. Amamasula kamodzi, akatero umataya n'kudzagula wina chaka chamawa. Za mdima wa miyezi iwiri palibenso amene amafunsa. Ine ndikawaona ataunjikana pashelefu ndimakankha ngolo yanga yogulira zinthu mofulumira. Amayi tsopano anapuma pantchito, ndipo ndikayambitsa nkhaniyi amaseka, amati iwo anakhululuka kalekale ndipo Susan amamupempherera. Ndinawauza kuti apemphere ndithu, koma pokhululukapo asandiwerengere ine.