Ziwala Sizichinjidwa

A Chikomeni Jere a ku Engutwini akalamba akuweta nkhuku, koma papita zaka osapha nkhuku ndi dzanja lawo. Iwo ndi mkulu wa mpingo. Mnzawo wa pamtima ndiye Msilamu, Che Amidu, telala wa pakhonde la sitolo ku Boma la Mzimba. Loweruka lililonse a Jere ankapalasa njinga, tambala ali pakaliyala, kuti Che Amidu akachinje okha mwa Chisilamu, ndiwo ziphikidwe, awiriwo adye mbale imodzi. Kampando ka pafupi ndi makina osokera kanali ka a Jere. Ngakhale makasitomala ankakalambalala.

Chaka chino mvula itakata, anapeza pakampandopo patakhala Feston, wapolisi wochokera ku Dedza. Pakati panali mbale ya ziwala zokazinga, Che Amidu akukukuta, maso atatsinzina.

A Jere anayimika njinga pang'onopang'ono. Tambala anakupiza mapiko, koma palibe anamucheukira.

"Che Amidu, mukudya vichi? Zachinjidwa zimenezo?"

"Ada Jere, khosi la chiwala mungalipeze pati ndi mpeni?" anaseka telalayo. "Kwathu nsomba ndi dzombe n'zololedwa popanda kuchinja. Tinaphunzira tili ana ku madrasa."

"Mbwenu zaka zonsezi osandiuza?"

"Munandifunsapo?"

"Lawani, madala," anatero Feston, akusuntha mbale, koma osasuntha pakampando.

"Yewo. Ine sindidya tizilombo."

Linali bodza. Anakulira ziwala zomwezo, akuweta ng'ombe za bambo awo. Chinawawawa n'chakuti iwo ankaweta, kumanga, kupalasa mtunda wonsewo, pamene mnyamata wobwera dzulo walowa m'mbale ya mnzawo ndi zotola m'thengo.

Loweruka lotsatira a Jere analawira m'munda mame asanaume, ziwala zikadali zofooka ndi chisanu. Mawondo ankalira, akazi awo a Kezia akuseka m'mphepete mwa munda. Anadzaza chigoba, nathothola mapiko okha, nakazinga okha, mchere wochuluka.

Ku Boma anapeza kampando kali kopanda munthu. Anakhalapo msanga, chipewa asanavule.

Che Amidu analawa, nagwedeza mutu. "Izi ndiye ziwala! Zonona chomene."

Mtima wa a Jere unakhala pansi. Kenaka telalayo anatapa theka, nakulunga m'pepala.

"Izi tisungire Feston. Akuweruka masana."

A Jere anakokera mbale kufupi ndi mawondo awo, nayamba kudya mofulumira.