Bokosi la Amayi Ndinaligula ndi Foni

Masiku ano mtsikana wa pasitolo akandifunsa kuti, "Mulipira pafoni kapena pakhadi, amayi?" ndimangotulutsa ndalama m'chikwama. Sadziwa kanthu mwanayo. Ine khadi ndinadana nalo kalekale.

Zinali zaka zija mafoni atangofika kumene m'manja mwa anthu wamba. Kuntchito kwathu anathetsa envulopu ya malipiro, akuti ndalama zizilowa kubanki, aliyense alandire khadi. Abwana analikweza m'mwamba n'kunena kuti akuba a m'minibasi aona polekera. Ife tinaomba m'manja ngati zitsiru.

Amayi anga anamwalira Loweruka m'mawa kunyumba kwanga ku Biwi, ku Lilongwe. Amalume anatumiza uthenga kuti adzukulu ayamba kale kukumba manda kwathu ku Dowa. Lole yomwe tinabwereka inkanyamuka dzuwa likapendeka, ndipo mwini wake sankadikira munthu. Za m'mbale ya chipepeso zinathera ku mafuta a loleyo. Bokosi linali mutu wanga, poti wapantchito ndinali ine.

Ndinathamangira m'tauni. Banki anali atatseka kale. Makina otapira ndalama a pakhoma paja, mzere wake unafika mpaka kumsewu. Ndinaima, ndinaima. Nditafika kutsogolo, makinawo anameza khadi, n'kuganizaganiza, n'kundilavulira. Akuti netiweki palibe.

"Mubwere Lolemba, mayi," anatero mlonda.

Ndinamufunsa ngati kwawo maliro amadikira Lolemba.

Ndinapita ku Mchesi, mumsewu wa okhoma mabokosi uja, chimanjamanja. Ndinaonetsa khadi kwa kalipentala wina wachikulire, utuchi uli mbuu m'ndevu. Analitembenuza uku ndi uku.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Koma ichi ndichita nacho chiyani? Matabwa sagulitsa ndi pulasitiki."

Mkuluyo sindimuda. Ndimada aja anatinamiza kuti kulikonse tizingoonetsa khadi, chonsecho makina olipirira anali m'masitolo angapo a anthu olemera, mogulitsa tchizi ndi vinyo. Kodi anayamba afika ku Mchesi amenewo? Anatilanda ndalama zathu zomwe, n'kutipatsa kachidutswa kopalira mamba a nsomba.

Maso a kalipentala anatera pa foni yomwe ndinaigwira m'dzanja. Inali yabwino, yojambula mawu, ndinaivutikira kuti ndiigule. Mkati mwake munali amayi. Tsiku lina ndinawajambula ali pakhonde akusankha mpunga, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Analekeza pakati n'kundikalipira kuti, "Iwe, tachotsa chinthu chakocho pamphuno panga," kenako n'kuphulika kuseka. Chithunzi chawo chabwino ndinalibe. Ndinali ndi mawu amenewo basi.

"Siyani foniyo, nyamulani bokosi ilo," anatero mkuluyo.

"Abambo, muli mawu a amayi anga umu. Mundisungire, ndidzaiwombola."

"Ndiyesetsa, mayi. Koma nanenso matabwa andithera."

Dzuwa linali litapendeka. Ndinachotsa simu khadi, ndinapereka foni. Anyamata ake anakweza bokosi pa wilibala, ine pambuyo, mtima ukuwira moti ngakhale misozi inakana kutuluka. Lole tinaipeza injini ikulira kale.

Amayi tinawaika mwaulemu. Amalume anandiyamikira pamaso pa anthu kuti mwana wa m'tauni sanawachititse manyazi. Ndinangoti zikomo.

Titameta ndinabwerera ku Lilongwe, ndipo ndinatsikira kubanki komweko. Makina aja anandipatsa ndalama nthawi yomweyo, opanda n'manyazi omwe. Ndinakwera minibasi ya ku Mchesi chikwama nditachikumbatira.

Kalipentala atandiona anavula chipewa. Foni anaigulitsa Loweruka lomwelo kwa mavenda a mumsika kuti akagule matabwa, maliro ena anali akudikira. Ndinazungulira mabenchi onse a mafoni mumsikamo. Wina anandiuza kuti foni ikangofika amayamba afufuta zonse zamkati.

Nyimbo ija ndimaidziwa, timaimbabe kutchalitchi. Koma kasekedwe ka amayi kandithawa. Ndimayesa kukakumbuka, sikabwera.