Paini wa Nahumu Anagwera Kukhwawa

Nahumu Luvanda ndi mwana wanga wachiwiri, ndipo amene akufuna kumunena kuti anachita zauchitsiru chaka chija abwere adzanenere pakhomo panga pano pa Bulongwa ndikadali moyo. Kulakwitsa analakwitsadi. Koma analakwitsa ngati munthu wodziwa ntchito yake.

Agogo ake, apongozi anga, ankagwetsa mtengo ndi nkhwangwa, n'kuung'amba pakati ndi zikhomo, n'kusema mbali iliyonse ndi kasemasema mpaka isalale. Mtengo wathunthu unkabala matabwa awiri basi, zotsalazo n'kukhala zibanthu za pamoto. Malemu amuna anga atabwera ndi sowo yaitali ya anthu awiri kuchokera kwa amishoni, nkhalamba ija inalavula pansi, inati chitsulo chodya mtengo ngati chiswe sichingamange nyumba yolimba. Inamwalira isanaigwirepo. Sowo imeneyo ndiyo inagwa m'manja mwa Nahumu bambo ake atatisiya.

Nahumu anali wa m'dzenje. Chipika chikagona pa mitanda, mizere italembedwa ndi chingwe chonyika m'makala, mnzake Asheri Tweve ankakwera pamwamba kutsata mzere, iye n'kutsikira pansi kukakoka. Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kuno kwathu, ku Mufindi, mpaka m'nkhalango za ku Tabora kumene ankapita mwezi wa Epulo n'kudzabwera pa Khirisimasi ataonda ngati ndodo. Maso ake anafiira ndi utuchi adakali mnyamata, ndipo sanayerenso. Asheri ankamuseka kuti mtengo amangoudziwa kumimba, kumsana sanauonepo. Nahumu ankayankha kuti wapamwamba ndi wovina chabe, wocheka ali pansi.

Chaka chimene mkazi wake Rahabu anabereka Sikitu, Nahumu anabzala paini m'khwawa la kuseri kwa munda wathu wa tirigu, malo otsetsereka oti ngakhale mbuzi imayamba yaganiza isanatsike. Onse ocheka matabwa ankabzala m'malo otere. Malo abwino anali a tirigu ndi mbatatesi. Mtengo ungamere paliponse, chifukwa pamene wagwera mpamene munthu amakumba dzenje, matabwa n'kutuluka pamutu limodzi limodzi.

Kenaka kunabwera makina. Injini yake inali ngati ya chigayo, yokhala ndi lamba ndi chitsulo chozungulira cha mano, ndipo anyamata ankangoitchula dingidongo chifukwa cha kulira kwake. Zimene Nahumu ndi Asheri ankacheka sabata yathunthu, iyo inkameza dzuwa lisanafike pamutu. Ogula matabwa anasiya kufunsa za m'maenje. Asheri anapirira chaka chimodzi, kenaka anabwera tsiku lina masana, chipewa chili m'manja, kudzanena kuti mawondo ake atha ndipo Festo Chaula, mwini makina, wamulemba ntchito yokankhira zipika ku chitsulo. Nahumu sanamukalipire. Anapaka sowo mafuta, anaikulunga m'chiguduli, n'kuitsomeka kudenga. Zaka ziwiri anasenza matabwa a anthu ena kupita nawo kumsewu, ali pamzere umodzi ndi amayi, iye amene kale ankagulira anzake ulanzi, mowa wa nsungwi, akabwera kuchokera ku Tabora.

Mu Okutobala munabwera kalata. Sikitu anasankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi, akafike mu Januwale. M'banja mwathu munalibe munthu anafikapo pamenepo. Nyumba ya Nahumu inalibe ng'ombe, inalibe china chogulitsa, koma paini uja anali atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mitengo makumi anayi ndi iwiri yowongoka ngati makandulo.

Anapita kwa Festo amene panthawiyo ankacheka m'mbali mwa msewu wa ku Tandala. Injini inkalira, moti ankachita kukuwizana m'khutu. Festo anafunsa kuti mitengo ndi ingati, anafunsanso ngati malo alipo. Nahumu anati malo alipo. Festo anati agwetseretu, pakatha masabata awiri abwera. Nkhani inathera pomwepo.

Wocheka pa dzenje amagwetsa mtengo umodzi, kuucheka, kenaka n'kugwetsa wina. Koma Nahumu anali ataona mmene makina amadyera, ndipo sanafune kuti adzakhale chete pa iye ngati kuti ndi waulesi. Anagwetsa yonse, yekha, ndi nkhwangwa, n'kuidula zipika zotalika mafiti khumi ndi awiri. Pansi pa khwawa anasalaza kamalo ndi khasu, n'kuchotsa miyala, kuti injini idzakhale bwino. Paini akagona pansi n'kunyowa amabiriwira mkati, thabwa lake palibe amaligula. Nahumu ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense, koma mvula inali isanayambe, ndipo iye ankawerengera masiku atatu a makina.

Festo anafika Lachiwiri m'mawa, Asheri ali pambuyo pake. Anaima m'mphepete mwa khwawa, anasuzumira pansi, n'kuyamba kuseka.

"Madala, mukundiyesa? Malo aja munkanena ndi amenewa?"

"Ndasalaza pansipo, bwana. Mukatsika muona."

"Nditsike ndi chiyani, mapiko? Injini ija amainyamula anthu asanu ndi atatu pamalo abwino, ndipo amafika akulira. Ndiigwetsere umu, mundigulira ina inu?" Atayang'ana nkhope ya Nahumu anasiya kuseka. "Sowo yanu ija inkatsata mtengo, madala. Makina satero, mtengo ndiwo umawatsata. Kwezani zipikazo zifike pamsewu, ndikuchekerani tsiku lomwelo."

Asheri ankayang'ana zipika zili mbwee pansi paja, zoyera ngati mafupa, kenaka anatsatira bwana wake.

Mawa lake Nahumu ndi Rahabu anamanga chipika chimodzi ndi chingwe, anachizunguliza pa chitsa, n'kumakoka pang'onopang'ono akutsekera ndi miyala. Dzuwa likupendeka anali asanafike ndi pakati pomwe. Chingwe chinaduka, chipika chinagubuduka kubwerera kumene chinachokera, chitathyola kamtengo ka mapichesi panjira. Mwini ng'ombe zapagoli amene anamuitana kuti adzakoke zipikazo atabwera kudzaona anati ng'ombe zake si anyani.

Nahumu anatsitsa sowo kudenga, anainola ndi tupa dzino ndi dzino, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kufuna munthu wachiwiri. Obadia amene ankacheka ndi malemu bambo ake anali atachita khungu. Wina anamupeza akutsokomola pa mphasa. Awiri anali atasamukira ku Makambako kukagulitsa mbatatesi. Kwa anyamata a pa sitolo anafika atavula chipewa, munthu wamkulu, n'kuwalonjeza kuti agawana matabwa. Mmodzi anamuyankha akusewera ndi makiyi a njinga yamoto.

"Pepani madala, ife m'dzenje tidzalowamo kamodzi kokha, ndipo adzachita kutitsitsa."

Anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi Nahumu anadikira Asheri pa mpanda. Anamupempha masabata atatu okha, ngakhale awiri. Asheri anakwinya buluku kumuonetsa mawondo otupa ngati maungu, anati pa chipika sangaimenso, ndipo akachoka kwa Festo tsiku limodzi pali anthu khumi odikira malo ake. Madzulo ake anatumiza chingwe chake cholembera mizere, ndi mawu akuti munthu akaima pamwamba asamayang'ane sowo, aziyang'ana mzere kutsogolo kwake.

Mvula yoyamba inagwa pa Novembala 9. Nahumu anali atakumba kale dzenje, ataika mitanda, atagubuduzira chipika pamwamba ndi mtengo wotukulira. Rahabu atapita ndi chakudya masana anamupeza ataima pa chipika, sowo ili m'manja, ndipo ku chigwiriro cha pansi atamangako mwala waukulu ndi luzi kuti uzimukokera. Akakweza, mwala unkagwedezeka, sowo n'kupindika ngati tsamba la nzimbe. Kuyambira m'mawa anali atacheka kutalika kwa chikhato chimodzi. Mvula inkamuyenderera m'khosi. Ataona mkazi wake sanasiye, anakwezanso, mwala unagunda khoma la dzenje.

Rahabu anaika mbale pansi pa chitsamba.

"Bambo a Sikitu, mwala umenewo mwaulonjeza matabwa angati?"

"Pita kunyumba, Rahabu."

"Masulani. Ine ndimalemera kuposa mwalawo, ndiponso ndili ndi maso."

Nahumu anakana. Anati mkazi salowa pansi pa chipika, ocheka onse amadziwa, mitanda imathyoka. Anati anthu adzati chiyani akamva kuti Luvanda waima pamutu pa mkazi wake. Rahabu anamufunsa kuti anthu akewo ali kuti, popeza wayenda mudzi wonse osapeza ndi mmodzi yemwe. Anamanga chitenje m'chiuno, anafunda mpango kumaso n'kusiya kampata, n'kutsetserekera m'matope a m'dzenje.

Anthu ananenadi. Pa msonkhano wa amayi Lachinayi, mayi wina amene sindimutchula chifukwa ana ake ndi abwino anati Rahabu wasanduka mwamuna wachiwiri m'nyumba. Ndinamuuza kuti m'nyumba ya mwana wanga muli amuna awiri, nanga mwake muli angati, poti amene alimoyo amakhalira pa ulanzi. Sanabwerezenso.

Matabwa oyamba anali omvetsa manyazi. Nahumu anali asanaimepo pamwamba chibadwire. Pa chipika chonyowa munthu amayenda chobwerera m'mbuyo, zala za kumapazi zitagwira khungwa, ndipo iye ankaopa kugwera mkazi wake. Sowo inkathawa mzere. Thabwa linkayamba lokhuthala n'kukathera lopyapyala ngati mpeni. Munthu amene ndi khutu lokha ankadziwa kuti Asheri wapatuka, tsopano ankapatuka yekha akuona. Ankakalipira Rahabu kuti akukoka chopotoza, Rahabu n'kumuyankha ali pansi kuti wovina ndiye sakudziwa gule. Sabata yoyamba inathera pa zipika zitatu, ndipo pa matabwa ake panalibe loti n'kuonetsa munthu.

Sabata yachiwiri sowo inayamba kumvera. Ankatsika kukhwawa nkhungu isanachoke, chisanu chikuluma zala, n'kumacheka mpaka mzere usiye kuoneka. Mvula ikakula ankayala lona pamitengo n'kumachekabe. Zikhato za Rahabu zinatuluka matuza, matuza anaphulika, anakulunga nsanza. Madzulo ndinkamutsuka maso ndi madzi ofunda amchere, utuchi n'kumatuluka ngati gaga. Sikitu ankasenza matabwa kukwera nawo kumunda. Tsiku lina anatula thabwa n'kunena kuti koleji aisiya, amayi atuluke m'dzenjemo. Nahumu anangopitiriza kucheka. Sikitu atapempha kuti alowemo iye m'malo mwa amayi ake, Rahabu anati maso amenewo ndi owerengera, asayandikire.

M'mawa uliwonse asanagwire sowo, Nahumu ankazungulira zipika zotsala. Anazisenda makungwa, anazikweza pa miyala kuti zisakhudze dothi, anazifunditsa nthambi. Ankagwada kumapeto kwa chilichonse, kukanda ndi chikhadabo, kununkhiza. Kubiriwira kunayamba ngati timadontho m'mphepete. Ankasankha chimene chadwala kwambiri kuti achicheke msanga, kenaka anazindikira kuti akutaya mphamvu pa zakufa, nayamba kusankha zabwino n'kusiya zinazo zife. Anandiuza kuti zinali ngati kusankha pakati pa ana. Kudya anasiya kumva kukoma. Tsiku lina Rahabu anamuona akuyankhula ndi chipika, akuchipempha kuti chidikire mpaka Loweruka.

Anacheka masabata asanu ndi imodzi. Patatsala masiku anayi kuti ifike Khirisimasi anakweza chipika chimene kunja chinkaoneka bwino. Sowo inalowa mosavuta kwambiri. Rahabu anatambasula dzanja, utuchi unagwera m'chikhato, wakuda, wonyowa, wonunkha ngati chiguduli chovunda.

"Bambo a Sikitu, basi."

"Tichekeko pang'ono, mwina mkatimu muli bwino."

Anacheka mpaka kumapeto. Thabwa linatuluka lamawangamawanga ngati khungu la njoka, ndipo Nahumu atalipinda pabondo linathyoka. Anakweza china, chimodzimodzi. Chachitatu anangochitema ndi nkhwangwa kuti aone, n'kukhala pansi m'matope. Pa mitengo makumi anayi ndi iwiri anali atapulumutsa khumi ndi itatu.

Wogula wa lole wochokera ku Makambako anabwera chaka chatsopano chitangolowa. Anatembenuza thabwa lililonse, kuliyang'ana m'mphepete ndi diso limodzi, lokhota n'kuliponya kumanzere, lamawanga kumanzerenso. Nahumu anaima pambali manja ali kumbuyo osatsutsa, chifukwa akanakhala iye akanataya omwewo. Wogulayo anafunsa kuti ndi makina a ndani amene amasiya thabwa losalala chonchi lopanda mabala a chitsulo. Atauzidwa anayang'ana Rahabu, anayang'ana manja ake, n'kubweza matabwa asanu kuchokera kumanzere kupita kumanja.

Ndalama zimene Nahumu analandira zinakwana chaka choyamba chokha cha ku koleji, ndi bokosi lachitsulo, ndi ulendo wa basi. Za chaka chachiwiri panalibe anadziwa, ndipo m'khwawa munalibenso mtengo woimirira. Sikitu anafunsa ngati n'kwanzeru kuyamba chinthu chosadziwa mathero ake. Bambo ake anamuuza kuti alongedze.

Tinamuperekeza tonse kumsewu m'mawa wa Lolemba, kukugwa mvula yamawawa. Nahumu anasenza bokosi pamutu n'kulikweza yekha pamwamba pa basi, osalola kondakitala kuligwira. Basi itanyamuka Sikitu anatulutsa mutu pawindo akubayibitsa. Rahabu anafuna kukweza dzanja, koma phewa linakana, dzanja linangofika pachifuwa. Nahumu anamugwira pachigongono n'kulikweza m'mwamba, n'kuligwirizira choncho mpaka basi inakhota pa phiri.