Moto wa Abiti Jafali

Salamu aleikumu nonse.

Lero amisiri amaliza kuika sola padenga la amayi kuno ku Katuli. Mmodzi amati kukubwera lamulo loti magetsi akakutsalira uziwabweza pa waya, kampani n'kumakuchotserako pa bilu.

Amayi anayang'ana padenga. Kenako akuti, "Chaka chimene tinathawa nkhondo ku Mozambiki, m'mawa uliwonse ndinkakapala moto ndi phale kwa Abiti Jafali. Sanandikwinyirepo nkhope. Magetsi otsalawo asapite ku kampani, apite kwa iwowo."

Ndawauza kuti kuno mapolo a magetsi sanafike n'komwe. Akuti, "Phale lija linkadikira mapolo?"

Abiti Jafali akadali kuseri kwa mango kuja, akuunikirabe katochi. Achimwene, mukuti bwanji, tiwakokere waya?