Ndinapha Sajento ndi jakisoni wa mbuzi

Inu owerenga, ine ndine nkhalamba yokonda nthabwala, koma lero musayembekeze kuseka kwambiri. Ndinapha galu wa akazi anga ndi manja angawa, kwinaku ndikudzitama kuti ndikumuchiritsa.

Galuyo dzina lake anali Sajento. Ndiye ankalondera munda wathu wa chinangwa kuphiri, kumtunda kwa Nkholongue, kumene anyani amatsika ngati anaitanidwa ku ukwati. Akazi anga miyendo inayamba kale kuwavuta, choncho galuyo ndiye anali miyendo yawo. Ine ntchito yanga inali kukhala pansi pa mtengo n'kumanena za anthu.

Tsiku lina nyani wamphongo anamung'amba pantchafu. Bala linatupa, linayamba kutuluka mafinya ndi kununkha. Akazi anga anati tikwere shapa, minibasi ya kwathu kuno, tipite naye kwa tekiniko wa ziweto ku Metangula. Ine ndinaseka. Kukweza galu pa shapa, anthu akutiona? Ndinawakumbutsa kuti nthawi ya nkhondo, tili ku Malawi, ndinkagwirira ng'ombe miyendo alangizi akamabaya. Sukulu ndinalekezera panjira, koma maso ndinali nawo.

Kudenga ndinali nditatsomeka kabotolo ka mankhwala achikasu, otsala pamene mbuzi za alamu anga zinkatsokomola. Anali atada ngati tiyi chifukwa cha kutentha, zolemba zake zitafufutika. Ndinatsuka seringa, chobayira jakisoni, m'madzi a m'nyanja n'kumubaya galuyo. M'mawa mwake Sajento anadzuka, anadya. Ndinazungulira mudzi wonse kuuza anthu kuti azinditchula dotolo. Bala sindinalitsuke, ndipo jakisoni wachiwiri sindinabaye, poti ndinkasungira mbuzi.

Sabata isanathe mwendo unatupa kufika m'mimba. Pamenepo mantha anandigwira, ndiye ndinadzaza seringa mpaka pakamwa, muyezo umene ndinkaona akubaya ng'ombe. Galu anasanza, anasiya kumwa madzi. Akazi anga sanandifunsenso, anamubereka pansalu ngati khanda n'kupita naye ku Metangula okha.

Tekiniko anawauza kuti mankhwalawo anali ataonongeka kale, ndipo ngakhale akanakhala abwino, muyezo umatsata kulemera kwa chiweto. Anati bala limayamba latsukidwa, ndipo mankhwala opha tizilombo sasiyidwa chifukwa choti chiweto chadzuka, amamalizidwa monga wanenera wodziwa. Anafunsa kuti wabaya ndani. Iwo anayankha kuti ndi munthu wina wa m'mudzi. Onani, ngakhale pamenepo anandibisa. Sajento anafera m'shapa pobwerera.

Anyani anadziwa msanga kuposa abale. Chinangwa cha chaka chimenecho anazula ngati akulipidwa, ndipo ufa tinkachita kupempha kwa ana athu.

Inu anzanga muli ndi timabotolo kudenga, tayani. Kuonerera munthu akubaya si kuphunzira. Chiweto chikadwala funsani tekiniko, akuuzeni mankhwala ake, muyezo wake ndi masiku ake, ndipo mumalize. Manyazi okweza galu pa shapa amatha mukangotsika.

Pano kumunda ndimalondera ndine, ndi mawondo angawa, kukuwa mpaka mawu kusasa. Anyani amangondiyang'ana akutafuna. Dzulo akazi anga anandibweretsera chakudya m'mbale yomwe ankadyera Sajento. Nditadandaula, anati, "Idyani, a Dotolo. Mwini mbaleyi ntchito ankaitha."

Ndinadya.