Timizere ta Bambo Pakhoma

Ndikukumbukira nyumba yathu ya zidina ku Mtakataka, khomo loyang'ana kum'mawa. Chitseko chinali ndi kaboo, ndipo dzuwa likamatuluka kuwala kunkadutsa pamenepo n'kukagwa pakhoma, kadontho ngati diso la nkhuku.

Bambo anali telala. Tsiku lina anamva pa wailesi kuti mu Malichi ndi mu Seputembala muli tsiku limene usana umalingana ndi usiku, ndiponso kuti nthawi yakeyo imasuntha pang'onopang'ono. Wina akanangoti "kodi?" n'kupitiriza kusoka, koma osati bambo anga. Mwezi wa Malichi anausiya chifukwa cha mitambo. Seputembala aliyense, pa deti lomwelo, ankatidzutsa tili ndi manthongo m'maso kuti tione akukanda kamzere ndi msomali pamene pagwa kadonthoko.

Timizereto tinkatalikirana ngati njere ya mpunga, kenako chaka chimene Febuluwale amatalika kadontho kankabwerera m'mbuyo. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti kodi kamabwerera penipeni pakale, kapena kamaphonya pang'ono? Ankati yankho lifuna zaka zambiri, mwina tidzamaliza ndife.

Amayi ankawaseka. "Anzanu akulimbirana madzi ku sikimu ya Bwanje, inu mukulondola dzuwa!" Komabe akamazira nyumba, pamalo pamenepo ankapalambalala bwinobwino.

Chaka chimene amayi anakachira mwana wawo wotsiriza ku chipatala cha Mua, azakhali anabwera kuchokera ku Golomoti kudzatisamala. Anali munthu waukhondo woopsa. Tikuweruka kusukulu tinalandiridwa ndi fungo la dothi lonyowa, khoma lonse lili see. Bambo atafika anaima pakhomo, chipewa m'manja.

"Achimwene, anawa anakandakanda khoma lonse," anatero azakhali monyadira. "Ndakonza kuti mlamu apeze pabwino."

Bambo anayang'ana khomalo nthawi yaitali. "Mwagwira ntchito, achemwali. Zikomo kwambiri."

Sanadandaule, ngakhale kwa amayi. Koma Seputembala wotsatira anatisiya tigone mpaka dzuwa kukwera, ndipo ine, amene ndinkadana nako kudzutsidwa kuja, ndinamva chisoni.

Masiku ano zinthu n'zosavuta. Chaka chatha ndinafotokozera mwana wanga nkhaniyi, iye n'kungodinadina pa foni. Akuti kadontho kaja sikabwerera penipeni, kamaphonyadi pang'ono. Mtima unandiwawa. Yankho ndinali nalo m'manja, tiyi asanazizire n'komwe, koma bambo oti ndikawauze tinawaika kalekale.